George Beaver, Frank Harris, Irving Kaufman: kodi ndi anthu atatu kapena mmodzi?

Bambo wina watilembera kuchokera ku Indiana, ku America, ndipo funso lake ndi ili:

"Mwezi watha banja lina loyandikana nafe linkagulitsa katundu wa malemu agogo awo, ndipo ine ndinagulako bokosi la mbale zakale za galamafoni, zolemera zija zosachedwa kusweka. Zambiri ndi za magulu oimba nyimbo za dansi a m'zaka za m'ma 1920. Ndazimvetsera pa makina a mnzanga, ndipo chandizunguza mutu ndi ichi: pambale ina ya Banner palembedwa kuti woimba ndi George Beaver, pa ya Harmony palembedwa Frank Harris, pa ina Irving Kaufman, pomwe pa zina palibe dzina la woimba n'komwe. Koma khutu langa likundiuza kuti ndi munthu mmodzi. Kodi ndagula mbale zachinyengo? Munthuyu anali ndani? Nanga ndizisamale bwanji, popeza ndikufuna kuika zina pa YouTube kuti abale kumudzi amveko?"

Bambo, mtima m'malo. Simunaberedwe, ndipo khutu lanu ndi lakuthwa. George Beaver ndi Frank Harris ndi ena mwa maina omwe makampani a mbale ankabisira Irving Kaufman, ndipo mukadzapeza mbale ya OKeh yolembedwa Noel Taylor, kawirikawiri adzakhala yemweyo. Mbale zanuzo ndi zenizeni, zinatuluka m'fakitale zili choncho. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikutolera ndi kumvetsera mbale zamtunduwu, funso lomwe obwera kumene amafunsa kwambiri ndi lanuli, ndipo ambiri amatenga nthawi yaitali asanazindikire zomwe inu mwazindikira ndi bokosi limodzi.

Irving Kaufman anabadwa pa 8 February 1890 ku Syracuse, m'chigawo cha New York, kwa makolo achiyuda omwe anasamukira ku America kuchokera ku Russia. Anayamba kuimba pagulu ali kamnyamata, m'zisudzo zoyendayenda zomwe kumeneko ankazitcha vaudeville, momwe oimba, ovina ndi anthabwala ankasinthanasinthana pabwalo limodzi usiku umodzi. Abale ake awiri, Phil ndi Jack, analinso oimba. Chiyambi chimenechi ndicho chinaumba mawu omwe mukuwamva pambale zanu. M'maholo a nthawi imeneyo munalibe zokuzira mawu. Woimba ankayenera kufikitsa liwu lililonse kwa munthu wokhala pampando wakumapeto kwenikweni, ndipo akalephera, anthu ankamukuwiza ndipo mwini holo sankamuitananso. Mwana wokulira m'sukulu yotereyi amaphunzira kutchula mawu momveka, kuponya mawu kutsogolo, ndi kusataya kamphindi.

Mbale yake yoyamba anajambula mu 1914 ku kampani ya Thomas Edison. Nthawi imeneyo kunalibe maikolofoni m'situdiyo. Woimba ankaima patsogolo pa chilipenga chachikulu chachitsulo n'kuimbira m'menemo, ndipo mphamvu ya mawu ake yokha ndi yomwe inkagwedeza kansingano kolemba mizere paphula. Woimba monong'ona sankamveka. Wokweza mopitirira ankaononga phulalo, choncho pofika pamawu okwera ankabwerera m'mbuyo pang'ono, potsika n'kusendera pafupi. Akalakwitsa, kunalibe zodula n'kulumikiza, onse ankayambiranso pachiyambi ndi phula latsopano. Kaufman anali ndi mawu omwe chilipengacho chinkawakonda, owala, osalemera, otuluka ngati akudumpha. Patapita nthawi pang'ono anali akujambulanso ku Victor ndi gulu la anthu anayi loimba ndi kuseketsa la Avon Comedy Four, momwe munalinso anthabwala otchuka Joe Smith ndi Charlie Dale. Phil atamwalira mu 1918, Irving ndi Jack anayamba kuimba awiriwiri, ndipo mbale zolembedwa maina a abale awiriwa zilipo zambiri. Mwina mupezamo ina m'bokosi lanulo.

Tsopano tifike pambale za dansi, pomwe pagona funso lanu. Mbale ya mainchesi 10 yozungulira ka 78 pamphindi imanyamula nyimbo ya mphindi pafupifupi zitatu mbali iliyonse. Anthu ankaigula kuti avine pabalaza, ndipo mwini mbale anali mtsogoleri wa bandi, osati woimba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 mbale zambiri za dansi zinali za zida zokhazokha. Cha m'katikati mwa zakazo makampani anaona kuti ogula amafuna kumvako mawu a nyimbo kuti aziimba nawo, choncho anayamba kulowetsa woimba pakati. Mvetserani mbale zanu ndipo muona dongosolo lake: bandi iyamba, iliza nyimbo yonse kamodzi, kenako woimba alowa n'kuimba kolasi imodzi yokha, nthawi zambiri yosafika ndi mphindi imodzi yomwe, basi bandi n'kumaliza. Palebulo ankangolemba timawu ting'onoting'ono takuti "vocal chorus" kapena "vocal refrain", mwina ndi dzina, mwina ayi.

Ntchito imeneyi inali ngati ganyu. Woimba sanali membala wa bandi. Ankaitanidwa, n'kufika m'situdiyo, n'kupatsidwa pepala la nyimbo yomwe mwina sanaimvepo chibadwire, n'kuiwerenga pomwepo, n'kuyeserera kamodzi kapena kawiri, n'kujambula. Ankalandira ndalama yake ya tsiku lomwelo, ndipo mbaleyo kaya igulidwe zikwi zingati, iye sankaonaponso kanthu. Akatuluka apo ankathamangira ku situdiyo ina, komwe nthawi zina ankakaimba nyimbo yomweyo ndi bandi ina. Atsogoleri ngati Sam Lanin ndi Ben Selvin, omwe ankajambula mbale zosawerengeka ku New York, ankafuna munthu wosachedwa, wosalakwitsa, wofika panthawi, chifukwa mphindi iliyonse yotayika inali ndalama ya anthu khumi ndi angapo okhala ndi zida m'manja. Kaufman anali munthu wotero. N'chifukwa chake mawu ake akupezeka pa Victor, Columbia, Edison, Vocalion, Emerson, OKeh, Harmony, Banner, Perfect, ndiponso Gennett, kampani yomwe likulu lake linali ku Richmond, m'chigawo chomwe mukukhalacho. Mbale zomwe anaimbamo zili m'zikwi.

Nanga maina abodzawo anabwera bwanji? Chifukwa chachikulu chinali mtengo. Mbale ya kampani yaikulu ngati Victor kapena Columbia inkagulidwa masenti 75. Koma kunalinso mbale zotchipa zogulitsidwa m'masitolo a katundu wa mitengo yotsika, zina pa masenti 35, zina 25. Sitolo iliyonse yaikulu inkafuna lebulo yakeyake: Oriole inkagulitsidwa m'masitolo a McCrory, Romeo m'masitolo a Kress, Diva m'masitolo a W. T. Grant, pomwe Conqueror ndi Challenge zinali za Sears. Nyimbo imodzi yojambulidwa tsiku limodzi inkatha kutuluka pamalebulo anayi kapena asanu. Kampani ya Plaza Music, mwini wa Banner yanuyo, inkatulutsanso zomwezo pa Domino, Regal ndi Oriole. Harmony nayo inali mwana wa Columbia, yomwe anaikhazikitsa mu 1925 kuti azigulitsirapo zotchipa. Tsono taganizani: wogula akaona dzina lomwelo pambale ya masenti 75 ndi pa ya masenti 35, angagule iti? Kusintha dzina kunkateteza mtengo wa mbale yodulayo. Kunkathandizanso kuti kabuku ka kampani kaoneke ngati kali ndi oimba ambiri pomwe ndi anthu ochepa omwewo, ndipo nthawi zina kunkabisa woimba yemwe anali ndi pangano ndi kampani ina. Ngakhale maina a mabandi musawakhulupirire msanga. Bandi ya Lanin kapena ya Selvin inkatuluka ndi maina ambirimbiri, ena a mahotela ndi makalabu omwe oimbawo sanapondemo phazi.

Mu 1925 zinthu zinasintha. Victor ndi Columbia zinayamba kujambula ndi magetsi, pogwiritsa ntchito luso la kampani ya Western Electric, ndipo maikolofoni inalowa m'malo mwa chilipenga chija. Tsopano munthu ankatha kuimba motsitsa, ngati akulankhula ndi wokondedwa wake pafupi, n'kumveka bwinobwino. Apa ndi pomwe panatulukira oimba ofewa mawu ngati Gene Austin, Rudy Vallée ndi Bing Crosby, yemwe analowa m'bandi ya Paul Whiteman kumapeto kwa 1926. Oimba ambiri akale a chilipenga anazimirira m'zaka zochepa. Kaufman sanazimirire. Anaphunzira kubweza mawu, ndipo mukayerekeza mbale yake ya 1920 ndi ya 1929 mumva kuti wafewa ndithu, ngakhale katchulidwe kake komveka kaja sikanachoke. Komanso Harmony inapitiriza kujambula mwachikale, popanda magetsi, kwa zaka zingapo makampani ena atasiya, ndiye kumeneko munthu wodziwa chilipenga ankafunikabe. Ngati Frank Harris wanuyo akumveka ngati akuimbira m'chitini poyerekeza ndi mbale zina za chaka chomwecho, chifukwa chake n'chimenecho, mbale yanu siinaonongeke.

Pali nkhani ina yomwe mudzakumana nayo mukayamba kuwerenga za munthuyu, ndipo ndikufuna muimve kaye kwa ine. Okonda jazz ambiri amamunyoza Kaufman. Chifukwa chake n'chakuti m'mabandi a m'situdiyowo munkakhala akatswiri a zida omwe lero amalemekezedwa kwambiri. Mwachitsanzo, pa 29 September 1927 Sam Lanin anasonkhanitsa gulu lomwe pa Harmony linatuluka ndi dzina lakuti Broadway Bell-Hops, ndipo munali Bix Beiderbecke woliza lipenga ndi Frank Trumbauer woliza saxophone. Woimba anali Kaufman. Anthu omwe amasaka mbale imeneyi chifukwa cha Bix amaona kolasi ya Kaufman ngati chopinga chomwe ayenera kupirira kuti lipenga libwerenso. Ine sindigwirizana nawo. N'zoona kuti Kaufman sanali woimba jazz, sankasewera ndi nthawi kapena kupotoza nyimbo ngati Louis Armstrong, ndipo nthawi zina chisangalalo chake chimamveka chofanana kaya nyimbo ndi yachikondi kaya ndi yanthabwala. Koma sanaitanidwe kudzachita zimenezo. Anaitanidwa kuti m'masekondi makumi anayi kapena asanu apereke nyimbo yonse, mawu ake ndi kayendedwe kake, kwa munthu yemwe akuimva koyamba pagalamafoni yopukusa, n'kuigwira pamtima. Yesani nokha: tengani mbale yokalambitsitsa m'bokosimo, yodzaza ndi phokoso, muone ngati pali liwu limodzi la Kaufman lomwe simulimva. Luso limeneli ndi lalikulu, ndipo zimandipweteka kuti munthu yemwe anaphunzitsa mtundu wonse nyimbo zake amatchulidwa ngati wosokoneza pambale za ena.

Chuma cha America chitagwa mu 1929, msika wa mbale unagwa nacho. Edison anasiya kupanga mbale chaka chomwecho, makampani ang'onoang'ono angapo anaphatikizana kukhala American Record Corporation, ndipo pofika 1932 mbale zogulidwa m'dziko lonse zinali kachigawo kochepa chabe ka zomwe zinkagulidwa zaka zisanu m'mbuyomo. Kaufman anatembenukira ku wailesi, komwe ankaimba, kuchita timasewero ndi kutsatsa malonda. Pamenepa pali chinthu chomwe sindingakubisireni. Pulogalamu yake yodziwika kwambiri inali ya "Lazy Dan, the Minstrel Man", yochokera ku mwambo wa zisudzo momwe azungu ankatsanzira ndi kuseka anthu akuda, kuwaonetsa ngati aulesi ndi opusa. Mwambo umenewu unali wozika mizu m'zisangalalo za ku America, ndipo oimba ambiri a m'badwo wake anadyerapo. Kuti unali wofala sizichotsa kuipa kwake. Ndikunena izi chifukwa m'bokosi lanulo mungathe kukhala nyimbo zoyamikira moyo wa m'minda ya thonje ya kummwera ngati kuti unali wokoma kwa onse, kapena zokhala ndi mawu otukwana anthu akhungu lathu. Mvetserani mbale iliyonse mpaka kumapeto musanaitumize kwa abale, makamaka ngati ana adzamva nawo, ndipo ngati mwasankha kuiika poyera, lembanipo mawu ofotokoza chomwe ili.

Zaka zake zotsiriza pantchito zinali zabwino. Mu 1947 anasewera pa Broadway, dera la zisudzo la ku New York, m'sewero loimba la Kurt Weill lotchedwa Street Scene, monga nkhalamba Abraham Kaplan. Anapuma mu 1949 atadwala mtima, n'kukakhala ku California. Mu 1974, ali ndi zaka 84, anajambulanso nyimbo zingapo, zaka 60 chijambulire mbale yake yoyamba. Anamwalira pa 3 January 1976 ku Indio.

Tsono mungatsimikize bwanji kuti mbale yopanda dzina ndi yake? Khutu ndi poyambira pabwino, koma lokha silikwanira. Panali anzake angapo ogwira ntchito yomweyo m'masitudiyo omwewo: Arthur Fields, Scrappy Lambert, Franklyn Baur, Smith Ballew, Dick Robertson, ndipo kenako Chick Bullock. Lambert mawu ake ndi okwera komanso ofewa kuposa a Kaufman, Ballew ndi otsika ndi oyenda mwaulemu, Fields ndi okulirapo. Mukawazolowera mudzawasiyanitsa, koma pambale yotha, aliyense angapusitsike. Komanso dzina labodza silinali la munthu mmodzi nthawi zonse, kampani inkatha kulipereka kwa wina tsiku lina. Umboni weniweni uli pamalo osalala omwe ali pakati pa mizere yomaliza ndi lebulo. Pendeketsani mbale pakuwala ndipo muona manambala odindidwa kapena olembedwa pamenepo. Imeneyo ndi nambala ya matrix, yomwe inkaperekedwa ku nyimbo iliyonse pojambula, ndipo kanambala kapena kachilembo kotsatira kamasonyeza kuti ndi kujambula kwachingati patsikulo. Mbale ziwiri za malebulo osiyana, za maina osiyana, zikakhala ndi matrix imodzi, ndiye kuti ndi nyimbo imodzi yomweyo. Lembani manambalawa m'kope pamodzi ndi nambala ya palebulo, mutu wa nyimbo ndi dzina la bandi. Kenako fufuzani pa Discography of American Historical Recordings, nkhokwe yaulere ya pa intaneti yomwe imayendetsedwa ndi University of California ku Santa Barbara. Pa Victor, Columbia ndi OKeh imathandiza kwambiri chifukwa inachokera m'mabuku a makampaniwo. Pa malebulo otchipa, otolera mbale amadalirabe buku la Brian Rust la 1975, The American Dance Band Discography 1917–1942, lomwe laibulale yaikulu ingakubwerekereni. Rust anagwira ntchito yaikulu, komabe malo ena ankadalira khutu lake, choncho ofufuza a pambuyo pake akonzamo zambiri.

Pa kasamalidwe, choopsa choyamba ndi mowa wotsukira. Mbale zimenezi zinapangidwa ndi shellac (mtundu wa utomoni wouma), yomwe imasungunuka ikakhudzana ndi spiriti, ndipo mankhwala ambiri otsukira mbale zapulasitiki za vinyl ali ndi spiriti. Gwiritsani ntchito madzi oyera osatentha, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya ndi burashi yofewa, mukutsata mizere, osanyowetsa lebulo, kenako muziumitse bwino musanazibweze m'mapepala. Koma mukapeza mbale yokhuthala kwambiri yolembedwa Edison, imeneyo isakhudze madzi chifukwa m'kati mwake mumamwa chinyezi n'kufufuma, ndiponso mizere yake inadulidwa mwamtundu wina kotero kuti nsingano yachitsulo ya galamafoni wamba imaiononga. Choopsa chachiwiri ndi nsingano. Mufunse mnzanuyo ngati makina ake ali ndi nsingano ya 78. Mizere ya mbale zakalezi ndi yotakata kuposa ya LP (mbale za vinyl zoimba nthawi yaitali), ndiye nsingano yopyapyala ya LP imakalowa pansi penipeni, n'kumakokera phokoso lokhalokha, nayonso n'kutha msanga. Nsingano yoyenera si yokwera mtengo kwenikweni, ndipo mudzadabwa momwe mbale zomwezo zidzamvekere bwino. Mukakopeka kugula galamafoni yopukusa, dziwani kuti nsingano yake yachitsulo ndi ya mbali imodzi ya mbale, mukatero n'kuitaya, komanso kuti mkono wake wolemera umadya mbale pang'onopang'ono. Zisungeni choimirira, zothinana bwino, kutali ndi dzuwa ndi zotenthetsera m'nyumba, osati m'galaja kapena m'chipinda chapansi momwe chinyezi cha ku Indiana chingameretse nkhungu.

Za ndalama musayembekezere zambiri. Mbale za dansi zoimbidwa ndi Kaufman zinapangidwa zochuluka, ndipo zambiri zimagulidwa madola ochepa. Zomwe zimakwera mtengo ndi zomwe muli katswiri wa jazz wosakidwa, ngati ya Broadway Bell-Hops ija, ndiponso zina za Gennett. N'chifukwa chake musagulitse bokosi lonse kwa munthu wobwera ndi mtengo umodzi musanalembe zomwe zilimo.

Pa YouTube, lamulo la ku America limasiyanitsa zinthu ziwiri: chojambulidwacho, ndi nyimbo yomwe inapekedwa. Malinga ndi lamulo la Music Modernization Act la 2018, zojambulidwa zomwe zinatuluka chisanafike chaka cha 1923 zinakhala za aliyense pa 1 January 2022, ndipo zotuluka kuyambira 1923 mpaka 1946 zimamasuka pakatha zaka 100, kumayambiriro kwa chaka chotsatira. Nyimbo yopekedwayo ili ndi nthawi yakeyake, zaka 95 kuchokera pomwe inasindikizidwa. Choncho muyenera kudziwa chaka chomwe mbale iliyonse inatuluka, ndipo nambala ya matrix ija ingakuthandizeni kupeza chakacho. Mukaika mbale yomwe idakali ndi eni, chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti makina a YouTube amaizindikira, eni ake n'kuikapo malonda kapena kuitseka m'maiko ena, koma madandaulo akachuluka tsamba lanu lingatsekedwe. Ngati mukufuna kupangirapo ndalama kapena kuika nyimbozi mufilimu, funsani loya wodziwa za umwini wa nyimbo musanayambe.

Pali nthawi zitatu zomwe ndingakulangizeni kuti musachite nokha. Mbale ikakhala ndi mng'alu wochokera m'mphepete, musaiike pa makina, chifukwa nsingano ikakodwa pamenepo mng'aluwo umakula. Mukapeza mbale yomwe pamwamba pake pakusupuka, kapena yokhala ndi lebulo yolembedwa pamanja, iikeni padera osaitsuka, chifukwa ingakhale yoyeserera ya kampani kapena yojambulidwa kunyumba, ndipo mwina palibenso ina padziko. Ndipo manambala akakana kugwirizana ndi zomwe zili m'mabuku, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi mbale za Plaza chifukwa pa malebulo ena ankadindapo manambala ena obisa matrix yeniyeni, jambulani zithunzi zooneka bwino za lebulo ndi za malo osalala aja. Bungwe la Association for Recorded Sound Collections lili ndi anthu omwe ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo inu muli ndi mwayi wina pafupi: ku Indiana University, mumzinda wa Bloomington, kuli Archives of Traditional Music, komwe amasunga ndi kusamalira zojambulidwa zakale. Alembereni kalata, muikemo zithunzizo ndi manambala omwe mwalemba m'kope muja.